Makina Opumira Amene Ndinamana a Gondwe

Elube ndi ang'ono ako, mwakhala mukufunsa chimene chinachititsa kuti a Gondwe asowe pakhomo pathu zaka zingapo zija, munthu amene ankalowa m'nyumba muno asanamalize n'komwe kunena odi. Amayi anu ankakuyankhani kuti akuluakulu amatanganidwa. Sikunali kutanganidwa ayi, tinayambana. Poti tsopano ndinapuma pa ntchito ndipo nthawi ndili nayo yochuluka kuposa mano, ndati ndilembe ndekha mmene zinayendera, kuopa kuti mungadzazimve pa maliro anga kwa anthu amene adzathiremo mchere wawo.

1987, ku Makata

Ntchito ndinayamba pa kampani ina yonyamula katundu ku Makata. Ndinkachoka ku Bangwe kuno wapansi mpaka ku Limbe, n'kukwera basi ngati mwezi uli pabwino. Ntchito yanga inali yokweza matumba, kumanga tenti pa lole, ndi kudumpha kukaika mwala kuseri kwa tayala tikaima pa chitunda. Anandipereka kwa dalaivala wina wa ku Rumphi, wamtali, wosaseka wamba, amene ankakhala ku Chilomoni. Amenewo ndiwo a Gondwe. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zanga zoyasama, n'kundifunsa ngati ndadya. Ndinati ndadya. Anangonyema chinangwa chawo pakati n'kundiponyera mbali yaikulu. Kenako anandiuza lamulo limene tonse a pamsewu tinkayendera: "Mphwanga, m'lole mulibe changa. Chimene chakwera muno n'cha tonse."

Ndipo zinalidi choncho. Kapu inali imodzi, bulangete limodzi, sopo mmodzi wodula pakati ndi waya. Dalaivala amene wamana mnzake jeke kapena sipanala pamsewu, mbiri yake inkafika ku Mwanza iye asanafike. A Gondwe ndiwo anandiphunzitsa chiwongolero, Lamulungu masana ku yadi kukakhala zii, ndipo ankati ndimasintha magiya ngati ndikukonola chimanga. Anandiphunzitsanso ukhondo wa galimoto. Tiyi sitinkamwa tisanaone oyilo, madzi ndi fyuluta ya mpweya, chifukwa iwo ankati injini yopuma fumbi sikhalitsa. Nditatenga laisensi anapita okha kwa abwana kukandinenera, ndipo pa ukwati wanga ndi amayi anu, a Gondwe anaima ngati achimwene anga enieni.

1995 mpaka 2016, msewu wa ku Beira

Atandipatsa lole yangayanga tinkayendabe motsogozana, iwo patsogolo ine pambuyo: Mwanza, Zobue, Tete, mpaka ku doko la Beira. Mabwana ndinaona amitundumitundu. Analipo wina amene ankayeza mafuta m'thanki ndi kamtengo kake kosema yekha, ndipo akapeza kuti aperewera ankatiyandikira pakamwa ngati dizilo timachita kumwa. Wina ankakana kugula matayala mpaka waya aonekere, kenako n'kumadabwa kuti tagona m'tchire. Amene ndinagwirizana nawo anali a Mbewe, oyang'anira madalaivala, poti nawonso anachokera pa chiwongolero ndipo ankatha kusiyanitsa bodza la ulesi ndi vuto lenileni. Nthawi ya kusowa kwa mafuta ija tinkakhala pa mizere ya ku filing'i siteshoni ngati tasamukira komweko, amayi anu n'kumatibweretsera zovala zosintha. Ulendo wina mafuta atandithera ku Neno Turn Off, a Gondwe anapopa a m'thanki yawo ndi paipi ya pakamwa, akulavula ndi kundinena, kuti tonse tifike kunyumba.

Zaka zimenezi ndi zimene tinamera mimba. Munthu wokhala pansi tsiku lonse, chakudya chake nyama yowotcha ndi tchipisi cha pa boda, khosi limasowa lokha. Tonse awiri tinatchuka ndi mkonono. Anzathu ku Mwanza ankatiimika kumapeto kwenikweni kwa mzere, ati awiri aja amagona injini zikulira. Ifenso tinkaseka nawo. Palibe ankadziwa kuti mkonono ungakhale matenda, kwa ife unali umboni woti munthu wagwira ntchito.

2017, ku Joni ndi kubwerako

Amene sankaseka anali amayi anu. Ankati ndikagona ndimasiya kupuma, m'nyumba n'kukhala chete, kenako ndimadzidzimuka ngati munthu amene amumiza m'madzi. Ndinkadzuka mutu ukuwawa, masana onse tulo tili m'maso. Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, cha ku Zalewa, ndinangozindikira matayala akumanzere ali m'munda mwa eni ake, chimanga chikumenya galasi. Mwamwayi sindinavulaze munthu. Amayi anu anakuimbira iwe Elube osandiuza, ndipo pa tchuthi changa unandiitanira ku Joni kumene umagwira ntchito, ati ndidzaone mdzukulu. Mdzukulu ndinamuonadi, koma ndinagonanso kuchipatala atandimata mawaya thupi lonse. Adokotala anati pakhosi panga pamatsekeka ndikagona, ndipo anandilembera makina opumira amene iwo amati sipapu. Ndi kabokosi kokankha mpweya kudzera mu paipi mpaka pa masiki ya pamphuno, ndipo kali ndi kathanki ka madzi kuti mpweyawo usaumitse kukhosi. Mphamvu ya mpweyawo anaitchera molingana ndi khosi langa.

Namwino amene anandiphunzitsa kasamalidwe kake anali wosanyengerera ngati a Gondwe. Anati makinawa akakhala auve, ndiye kuti uvewo ndikuupopera ndekha m'mapapo usiku wonse. Atanena kuti m'kathanki mumafunika madzi oyeretsedwa a ku famase, ndinafunsa mwaudalaivala ngati madzi a batire sangachite, poti ku filing'i siteshoni ali mbwee. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti mapapo si batire. Chomaliza chimene anandiuza n'chakuti masiki ili ngati mswachi, sabwereketsa, ngakhale kwa mkazi wako.

Kunyumba kuno makinawo ndinawatenga ngati lole yachiwiri, ndipo mpaka lero ndimatero. M'mawa uliwonse ndisanamwe tiyi ndimachotsa masiki n'kuitsuka ndi madzi ofunda ndi sopo wopanda fungo, chifukwa mafuta a kunkhope akakhalapo imaterereka n'kumatayira mpweya m'mbali. Madzi otsala m'kathanki ndimataya, kathankiko n'kukasiya kotsegula kuti kaume. Loweruka ndi tsiku la sevisi yaikulu. Paipi ndimaiviika, kuikhutchumula madzi a sopo ali m'kati, kuitsukuluza mpaka thovu litatha, kenako kuikoleka pa msomali wa pakhonde, pamthunzi, milomo yonse iwiri itayang'ana pansi kuti madzi adonthe. Malamba a kumutu ndimachapa ndi manja mosafinya. Kafyuluta ka kuseri ndimakaunika pa kuwala. Miyezi yotentha, msewu wa Bangwe ukanyamuka wonse kulowa m'nyumba, kamada msanga, ndipo kakada ndimaikapo kena mwa timene iwe Elube umatumiza ndi a mabasi. Madzi a ku famase akasowa timawiritsa a pampopi n'kuwaziziritsa, kungoti amasiya zoyera m'kathanki ngati za mu ketulo, zimene zimachoka ukaviika mu viniga wosakaniza ndi madzi.

Ndi amayi anu tinakanganako poyamba. Iwo ukhondo amaudziwa wa sopo waufa, bulichi ndi dzuwa, ndipo tsiku lina ndinapeza masiki ili pa thandala pamodzi ndi mapoto, ikupsa. Ndinawauza kuti dzuwa limaumitsa mphira, ndipo ikang'aluka kuno kulibe sitolo yogulako ina. Anati ndayamba kukonda kabokosi kuposa iwo. Koma ndi iwo omwe anagula beseni lapadera limene mwana aliyense ankadziwa kuti salikhudza. Ndi iwo anasoka kansalu kovindikira makinawo masana kuti mphemvu zisapeze nyumba mu paipi, ndi iwonso analetsa koyilo ya udzudzu kuchipinda atamva fungo lake likutuluka m'masiki. Mipopi ikauma ankabisa chigubu chimodzi kuseri kwa chitseko, kuchapa kudikire. Za magetsi ozimazima ndinathana nazo ndi batire la galimoto ndi invata. Tulo timene ndinayamba kugona ndinali nditatisiya ku unyamata. Ndinapempha a Mbewe kuti andichotse pa msewu wa ku Beira, chifukwa pa boda madzi ndi a m'ndowa imodzi ya anthu onse, ndipo anandipatsa lole yaing'ono yoperekera katundu m'tauni momwemuno kuti ndizigona kunyumba. Anyamata ankandiseka kuti ndabwerera kalasi. Ndinkaseka nawo, maso ali gwa.

2018, a Gondwe apempha

Loweruka lina m'mawa a Gondwe anandipeza kuseri kwa nyumba ndikutsuka paipi. Anali atatsala pang'ono kupuma pa ntchito, ndipo chimene ankachifuna koposa chinali kutsika pa lole yaikulu ija ndi ulemu, tsiku lawo litakwana, osati kutsitsidwa ndi munthu. Anakhala pa njerwa n'kumandiyang'ana, akutsokomola chifuwa chimene anabwera nacho ku ulendo. Kenako anandiuza zimene sanauze wina aliyense. Pobwerera, atadutsa Moatize, anadzidzimuka ali mbali ya eni ake ya msewu, basi yodzaza ndi anthu ikuwaimbira hutala. Ndipo sikanali koyamba. Ndiye anati ndiwabwereke makinawo ulendo umodzi wokha wa ku Beira, akaone ngati angawathandize monga andithandizira ine.

Kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo ine ndinaviikadi. Ndinati paipi sinaume, ndinati ndifunse kaye Elube, ndinati mwina invata yanga sigwirizana ndi lole yawo. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti abweranso Lolemba akaweruka. Amayi anu anati ndiwapatse basi, munthuyu anatilera, tidzatsuka akabweza. Koma ndinkadziwa kuti mpweya wotchera khosi langa si wa khosi lawo. Ndinkadziwa kuti chifuwa chawocho chikakhala mu paipi ndi m'kathanki ulendo wonse wopanda madzi abwino, sopo wanga sangandilonjeze kanthu. Ndiponso sabata yopanda makinawo ikanandibwezera m'munda wa chimanga uja, ulendo uno pakati pa ana a sukulu a ku Ndirande kumene ndinkaperekera katundu. Atabwera Lolemba ndinawauza zonsezi maso ndi maso, n'kuwapempha kuti tipite limodzi kuchipatala akawayeze.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati: "Kapu yanga unamwera. Bulangete langa unafunda uli ndi mphere thupi lonse. Lero ine ndasanduka wauve?"

"Si nkhani ya uve, a Gondwe. Chinthuchi sichili ngati jeke."

"M'lole mwanga unakwera wopanda kanthu iwe," anatero, n'kuimirira.

Ndikanasiyira pomwepo mwina tikanagwirizana mwezi usanathe. Koma lole yawo inali itapakira kale, yonyamuka Lachitatu, ndipo basi ya ku Moatize ija sinkachoka m'mutu mwanga. Ndinawatsatira mpaka pa geti n'kuwauza kuti akapanda kupita okha kwa a Mbewe, ndipita ndine. Sindinafune kuti adzamvere kwa wina. Anatembenuka n'kunena mawu amodzi okha: "Pita."

Lachiwiri m'mawa ndinapitadi. Pa katundu yense amene ndanyamula pa ntchito ija, matumba a feteleza n'komwe, palibe anandilemera ngati masitepe a ofesi imeneyo. A Mbewe anatseka chitseko n'kundimvetsera atagwira chibwano.

"Muli shuwa, adala?" anandifunsa. "Ndikawachotsa pa tiripi imeneyi, yadi yonse idziwa kuti mwalowa muno ndinu."

Ndinati akudziwa kale eni ake. A Mbewe sanawachotse ntchito. Anawatsitsa pa lole n'kuwaika ku yadi kuti aziyang'anira opakira katundu mpaka tsiku lawo lopuma lifike, n'kuwalangiza kuti akaonane ndi adokotala. Kwa a Gondwe zimenezo zinali chimodzimodzi kuwavula pagulu. Madalaivala ena anasiya kudya nane, ati ndine womana, kuwonjezera apo kazitape.

2018 mpaka 2022, zaka za chete

Pa phwando lowatsanzika sanandiitane. Tikakumana pa maliro a anzathu ankandipatsa moni wa nsonga za zala, maso ali kwina. Amayi anu ankakumanabe ndi akazi awo mumsika wa Limbe n'kumabwera ndi nkhani zoti bambo amagona pa mpando alendo akulankhula, koma kuchipatala atemetsa nkhwangwa pamwala kuti sapita. Zinandipweteka kwambiri, ana anga, sindikubisirani. Bambo anga ondibereka anamwalira ndili wamng'ono, ndipo amene anandiphunzitsa kukhala munthu pa ntchito anali ameneyu. Sindinaganizepo kuti ndinalakwa, koma kukhoza sikubwera kudzacheza nawe Lamulungu. Ntchito inkayenda bwino, thupi linapepuka, mimba inayamba kubwerera kwawo, komabe Loweruka lililonse pokoleka paipi ndinkapezeka ndayang'ana ku geti.

2022, tsiku la chiperoni

Anabwera mwezi wa Juni, chiperoni chitaphimba phiri la Bangwe, atanyamula chikwama chakuda. Anali atachepa thupi, pamphuno pali zilonda. Anaima panja mpaka ndinawalowetsa. Anati mwana wawo wogwira ntchito m'boma ku Lilongwe anawakoka kukayezetsa n'kuwaitanitsira makina awoawo kunja, koma chinthucho chayamba kununkha, mphuno zikuwotcha, ndipo atsala pang'ono kuchiponya m'chimbudzi.

"Sindinabwere kudzacheza," anatero. "Ndabwera undionetse matsukidwe ake. Kabuku kake zilembo n'zazing'ono."

Nditatsegula chikwamacho ndinagwira pakamwa. Akazi awo ankaviika masiki mu bulichi monga amachitira ndi matawulo, n'chifukwa chake zilonda zija. Paipi ankaikulunga isanaume, moti m'makwinya mwake munali timadontho takuda ta nkhungu. Kathanki kanali mbuu. Kafyuluta ndiye eni ake sankadziwa n'komwe kuti kalipo. Chiseko chinandifika pakhosi koma ndinachimeza, poti munthu wabwera yekha samulandira ndi mano. Amayi anu anatulutsa beseni latsopano limene ankasungira alendo, ndipo ndinawauza a Gondwe kuti apinde malaya atsuke okha, ine ndizingonena. Anamvera ngati mnyamata wa tsiku loyamba, ngakhale pa viniga anang'ung'udza kuti sanabwere kudzaphika. Kathanki tinakaviika mpaka kanayera, masiki anaitsukuluza mpaka fungo la bulichi litatha. Paipi ya nkhungu ija ndinati yatha ntchito, imeneyo sapumiranso. Mwamwayi makina athu anali a mtundu umodzi, choncho ndinalowa kuchipinda n'kutenga paipi yanga yosungira, yosatsegula m'pepala lake, ndi tifyuluta tingapo. Anazilandira ndi manja awiri n'kuzitembenuzatembenuza ngati akufuna pamene ndabisa mawu.

Tsono kunja kwa chiperoni zinthu siziuma msanga, ndipo ndinawauza kuti chonyowa sichilowa m'chikwama. Munthu amene sanabwere kudzacheza anakhala pakhonde mpaka dzuwa linapendeka. Tinamwa tiyi ndi mbatata. Tinakamba za anzathu amene anatsogola, za mawondo, za anyamata a masiku ano oyendetsa foni ili kukhutu. Za a Mbewe ndi ofesi ija palibe anatchula, ndipo mpaka lero sitinatchulepo. Ine ndinapuma pa ntchito patadutsa zaka ziwiri, ndipo pa phwando langa iwo ndiwo analankhula motalika mpaka anthu anayamba kuyasamula. Masiku ano amabwera Loweruka, aliyense kutsuka zake, n'kumatsutsana kuti wotsukuluza bwino ndani. Koma tsiku limene ndimalisunga mumtima ndi loyamba lomwe lija.

Ndikuwaperekeza ku siteji ya minibasi, chikwama nditawanyamulira, anaima pakati pa njira. Anati masiku oyambirira, makinawo asanayambe kununkha, anagona tulo teniteni mpaka analota, chinthu chimene anali ataiwala kuti munthu amachita. Ndinafunsa chimene analota.

"Tinali pa msewu wa ku Tete," anatero akuyang'ana kutsogolo. "Iwe pa chiwongolero, ine pambali nditagona. Ukudziwa wekha kuti moyo wanga wonse sindinagonepo wina akuyendetsa. Koma sindinadzuke, mphwanga, mpaka tinafika."

Minibasi inaima, kondakitala anawalandira chikwama, n'kukwera osacheuka. Ine ndinabwerera kunyumba ndikupukuta m'maso, ndipo amayi anu atafunsa ndinanamizira mphepo.